Ndowa Yoyamba ya Che Usumani

Izi sindikupeka. Hudson, dalaivala wathu, akadali moyo ku Balaka. Kamufunseni.

Munali mu Okutobala, 1983. Ntchito yanga inali yofufuza madzi a pansi pa nthaka, kuti boma likumbe mijigo. Ndine mwana wa ku Ndirande, sindikhazikika malo amodzi. Tinafika kwa Mposa, m'tsinde mwa phiri la Chikala, kutada kale. Anzanga anali atayezako sabata yapitayo n'kukhoma chikhomo chofiira podzakumba. Ine ndinangobwera kudzasainira malowo.

Anatilandira mayi wamasiye, a Binti. Anatiyalira mkeka pakhonde. Kenako anandiuza motsitsa mawu kuti chikhomocho chili pamwamba pa amuna awo. Amuna awowo, Che Usumani, ankakumba chitsime pamenepo chaka cha chilala, dothi n'kuwagumukira. Anthu anafukula masiku atatu osawapeza. Shehe anangowapempherera pamwamba pomwepo. Anzanga aja sanafunse munthu. Anaona kadzenje kosaya, anakhulupirira makina awo.

"Chitsulo chanucho chidzawaboola," anatero a Binti. "Komanso sanasambitsidwe. Msilamu sapita choncho."

Ndinawauza kuti mapu a boma sasinthidwa ndi munthu ngati ine. Sanatsutse. Masiku amenewo wokana mjigo ankatchedwa mdani wa chitukuko.

Sitinagone. Kunkatentha. Kenako achule anayamba kulira, mitsinje yonse ili youma. Kunabwera fungo la dothi lonyowa.

Ndiye tinamva khasu. Pansi pathu. Kamodzikamodzi, ngati la munthu wotopa. Kupuma. Kuyambiranso. Linkalowera chakumtunda, kuphiri.

M'chikwama mwanga munali chingwe choyezera zitsime, chokhala ndi kabelu kamene kamalira kakakhudza madzi. Chinali chouma, chokulungidwa. Kabeluko kanalira.

"Mwamva, achimwene?" ananong'ona Hudson.

A Binti anayankha ali m'nyumba. "Musaope. Sapweteka munthu. Akufuna madzi basi. Chino n'chaka chachinayi."

Khasu linakasiyira patali. Achule nawo anangoti zii.

Kusanayere bwino tinapita pakadzenje paja. Chikhomo panalibe. Tinachipeza chakumtunda, mapazi makumi anayi. Chinali chozondoka, nsonga yake ikuloza kumwamba, ngati wochikankhayo anali pansi. Dothi lozungulira linali lonyowa. Phazi la munthu panalibe.

Ndinatulutsa mapu. Ndinafufuta malo akale, ndinalemba atsopanowo, ndinasaina. Akanadziwa ku ofesi, ntchito ikanathera pomwepo.

A Binti anayang'ana mapuwo, ngakhale sankadziwa kuwerenga. Anangopempha chimodzi: madzi akadzatuluka, ndowa yoyamba ikhale ya amuna awo, akaithire pakadzenje paja. Ndinalemba zimenezonso m'mphepete mwa mapu, kuti okumba adzaone.

Tinanyamuka dzuwa lisanatuluke. Galimoto ikutsika mtunda, kabelu kanaliranso m'chikwama. Kamodzi kokha.

Hudson sanacheuke. Inenso ayi.