Olipa ndi Chule wa Pepala

Uyu ndi Olipa. Olipa amakhala ku Kafue, pafupi ndi njanji. Amakhala ndi amayi ake ndi atate ake. Ali ndi mlongo wake wamng'ono. Dzina lake ndi Levy.

Olipa ali ndi vuto. Zala zake sizipindika. Sangagwire pensulo. Sangagwire supuni. Olipa akufuna zala zake zakale.

Zinayamba m'mawa wina, m'mwezi wa Juni. Kunja kunazizira kwambiri. Atate anali atapita ku Chanyanya pa njinga. Anapita kukagula nsomba zoti amayi akagulitse kumsika.

Amayi anakoleza makala pa mbaula. Kenaka anatenga ndowa.

"Olipa, uzimuona Levy," anatero amayi. "Nayenda ku mpopi. Nibwela manje manje."

Levy anamva kuzizira. Anasendera ku mbaula. Anasenderanso. Anatembenuka kuti aothe kumsana. Juzi yake inagwira moto.

Levy anakuwa. Olipa anathamanga. Panalibe madzi. Panalibe bulangete pafupi. Olipa anamenya motowo ndi manja. Anamenya. Anamenya. Anamenyanso. Juzi inasungunuka. Inamata m'manja mwake. Moto unazima.

Levy anapsa pang'ono kumsana. Koma manja a Olipa anapsa kwambiri.

Amayi anamva kukuwa. Anataya ndowa pamsewu. Anamubereka Olipa ngati khanda. Anathamanga naye kuchipatala. Kumeneko anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Lusaka.

Olipa anakhalitsa m'chipatala. Manja ake anakulungidwa ndi mabandeji. M'mawa uliwonse anesi ankatsuka mabala. Zinkawawa kwambiri. Olipa ankaluma pilo kuti asakuwe.

Amayi ankamudyetsa. Amayi ankamusambitsa. Amayi ankamupesa tsitsi. Amayi anasiya kupita kumsika.

Kenaka mabala anapola. Anesi anachotsa mabandeji. Olipa anayang'ana manja ake. Sanawazindikire. Khungu linali losalala ndi lokokana. Zala zinali zouma ngati timitengo.

Olipa anabwerera kunyumba. Koma nyumba inali ya zii.

Levy anaona manja a Olipa. Anathawa. Anabisala kuseri kwa chitseko.

Amayi ankalira kuseri kwa nyumba. Ankati, "Ni ine ninasiya mbaula."

Atate anasiya kuseka. Anasiya kuimba mluzu. Ankabwera, ankadya, ankagona.

Olipa anayesa kupita ku sukulu. Ana onse anayang'ana manja ake. Aphunzitsi anamupatsa pensulo. Pensulo inagwa. Anamupatsanso. Inagwanso.

"Onani!" anatero mnyamata wina, Titus. "Zala monga za nkhanu!"

Ana ena anaseka. Olipa anabisa manja m'khwapa.

"Sinifuna sukulu," anauza amayi. "Siniyendako futi."

Ndipo sanapitenso.

Kuchipatala cha ku Kafue kunali bambo ena. Dzina lawo linali ba Gershom. Ntchito yawo inali yothandiza manja ndi miyendo youma. Amayi anapita naye Olipa kwa ba Gershom.

Ba Gershom anagwira zala za Olipa. Anayesa kuzipinda pang'ono. Olipa anakuwa.

"Zala izi zifunika kusewenza tsiku lililonse," anatero ba Gershom. "Zikakhala chabe, zizauma. Zizakhala tele mpaka akule."

Anamupatsa Olipa kampira kofewa. Anati azikafinya kunyumba.

Olipa anafinya kampirako kamodzi. Kunawawa. Anafinya kachiwiri. Kunawawa koposa. Anakaponya pansi pa bedi. Sanakatengenso.

Tsiku lina anabwereranso kwa ba Gershom. Ba Gershom anayang'ana zala. Zinali zitauma kuposa kale.

"Kampila kali kuti?" anafunsa.

Olipa anayang'ana pansi.

Ba Gershom sanakalipe. Anatenga pepala pa tebulo. Analipinda. Analitembenuza. Analipindanso. Olipa anasuzumira pang'ono. Pepala linachepa. Linamera miyendo. Linasanduka chule.

Ba Gershom anadina chuleyo kumbuyo. Chule anadumpha! Anatera pa mwendo wa Olipa.

Olipa anadzidzimuka. Anali asanaonepo pepala lodumpha.

"Ba Ankolo, mwapanga bwanji?" anafunsa.

"Napinda chabe," anatero ba Gershom. "Ku Japani amazitcha origami. Sitimata na guluu. Tisewenzesa zala chabe."

"Nipatseniko," anatero Olipa.

"Awe, uyu ni wanga," anatero ba Gershom. "Iwe uzapanga wako."

"Siningakwanise."

"Lelo sungakwanise, zoona. Lelo tipinda kamodzi chabe."

Anamupatsa pepala la mbali zinayi zofanana.

"Ngodya iyi ipsompsone ngodya iyo," anatero.

Olipa anakankha ngodya ndi chala chachikulu. Ngodya inathawa. Anakankhanso. Inathawanso. Anadina mwamphamvu. Khungu linang'ambika pang'ono. Kadontho ka magazi kanagwera pa pepala.

Olipa analira. Amayi nawonso analira.

Ba Gershom anapukuta magaziwo. Anadzoza zala mafuta.

"Basi, lelo takwana," anatero. "Chikababa maningi, uzipumula. Koma ona pepala lako."

Olipa anayang'ana. Pepala linali litapindika. Mzere wake unali wokhota. Koma linali litapindika.

Kunyumba kunali manyuzipepala akale. Amayi ankakulungira nsomba. Mapepalawo ankanunkha nsomba. Olipa anatenga limodzi. Anakhala pakhonde yekha.

Anayesa kulidula. Zala zinakana kulowa mu sizasi. Anayesa kuling'amba. Linang'ambika mokhota. Anayesa lina. Linang'ambikanso mokhota. Olipa anaponda mapepalawo ndi mapazi. Anakagona osadya.

M'mawa mwake anapeza mulu wa mapepala pa mpando. Onse anali odulidwa bwino. Mbali zonse zinali zofanana. Pambali panali mpeni wa atate. Atate anali atapita kale ku Chanyanya.

Olipa anayamba kupinda.

Anapinda kamodzi. Kunawawa. Anapumula.

Anapinda kachiwiri. Kunawawa. Anapumulanso.

Sitima inadutsa. Mawindo ananjenjemera. Olipa sanadzutse mutu. Ankapinda.

Ulendo uliwonse ba Gershom ankamuonetsa chatsopano. Choyamba chinali ndeke. Ndeke ya Olipa inagwa chamutu. Kenaka chipewa. Kenaka bwato. Bwato la Olipa linali lopendekeka. Koma linayandama m'beseni.

Amayi anayambanso kupita kumsika. Olipa ankapita nawo. Ankakhala pansi pa tebulo la nsomba. Ankapinda.

Pafupi panali ba Ennie, ogulitsa samusa. Olipa anawayang'anitsitsa. Ba Ennie ankapinda ufa wokanda. Uku, uku, uku. Samusa yatha.

"Ba Anti, pindani futi pang'ono pang'ono," anapempha Olipa.

Ba Ennie anaseka. Anapinda pang'onopang'ono. Olipa anatsanzira ndi pepala. Anawonjeza mchira. Inakhala nsomba! Palibe amene anamuphunzitsa nsomba imeneyo. Inali yakeyake.

Tsopano Olipa ankaona zopinda paliponse. Amayi akamapinda chitenje, iye ankayang'ana. Akaona katoni, ankaifunyulula. Akatola pepala la switi, ankaliwongola pa bondo. Nthawi zina ankaiwala kudya nshima. Nthawi zina ankaiwala kuti zala zikuwawa.

Koma chule ankakana.

Chule anali wovuta. Miyendo yake inkafuna timizere ting'onoting'ono. Inkafuna zala zambiri nthawi imodzi. Chule woyamba anang'ambika. Wina anafunyuluka. Wina anangokhala phee. Sanadumphe.

Nyengo yotentha inafika. Olipa anapitanso kwa ba Gershom. Ba Gershom anapinda zala zake chimodzichimodzi. Chala chachikulu chinapindika. Cholozera chinapindika. Zinanso zinapindika. Koma zala ziwiri za kumanzere zinakana. Zinali zowongoka, zouma gwa.

Ba Gershom analankhula motsitsa mawu.

"Olipa, sinizakunamiza. Wasewenza bwino maningi. Koma izi ziwili, kapena sizizapindika."

"Olo nipinde mapepala yambili?" anafunsa Olipa.

"Olo upinde yambili."

Olipa sanalire m'chipatala. Analira panjira. Analira mpaka kunyumba.

Anasonkhanitsa ndeke zake. Anasonkhanitsa mabwato ndi nsomba. Anaziponya zonse m'dzala. Anagona pa mphasa. Anayang'ana kukhoma.

Atate anadula mapepala ena. Olipa sanawakhudze. Tsiku linapita. Lina linapitanso. Mulu wa mapepala unakula. Fumbi linagwerapo.

Masana ena, Olipa anamva phokoso kumbuyo kwake. Tswa, tswa, tswa. Anatembenuka.

Anali Levy. Anakhala patali, pafupi ndi chitseko. M'manja mwake munali pepala. Ankayesa kulipinda. Linali lokwinyika lonse. Misozi inkatsika m'masaya mwake.

"Levy, ulila chani?" anafunsa Olipa.

"Nifuna kukupangila chule," anatero Levy. "Koma akana."

"Unipangile ine? Chifukwa chani?"

Levy anasisima.

"Ni ine ninakuocha," anatero. "Ni juzi yanga."

Olipa anadzuka. Tsopano anamvetsa. Levy sankathawa chifukwa cha zipsera. Ankathawa chifukwa cha chisoni.

"Bwela kuno," anatero Olipa.

Levy anasendera pang'ono.

"Bwela pafupi."

Levy anakhala pa mphasa.

"Si iwe," anatero Olipa. "Ni moto. Iwe unamvela chabe mphepo."

Levy anayang'ana manja a Olipa. Anatambasula kachala kake. Anakhudza chipsera chimodzi.

"Chibaba?" anafunsa.

"Pang'ono chabe."

Olipa anatenga pepala pa mulu paja. Anauzira fumbi. Analiyala pansi.

"Tipange tonse," anatero. "Ine nizapinda. Iwe uzagwila."

Olipa anapinda. Anatembenuza. Anapindanso. Thupi la chule linaoneka. Mutu unaoneka. Inatsala miyendo.

"Gwila apa," anatero Olipa. "Osasiya."

Levy anagwira ndi kachala kake. Analuma lilime. Sanasiye. Olipa anapinda mwendo woyamba. Thukuta linatsika pamphumi. Anapinda mwendo wachiwiri. Anadina mzere womaliza.

Chule anaima pa mphasa. Anali ndi zilembo za nyuzipepala pamsana. Ankanunkha nsomba.

"Azajumpa?" ananong'ona Levy.

"Kaya," anatero Olipa. "Tiyembekeze atate."

Dzuwa litapendeka, atate anafika. Anatsamiritsa njinga kukhoma. Anakhala pa mpando. Amayi anawapatsa tiyi m'kapu.

Olipa anaika chule pa tebulo. Anaika chala pamsana pa chule. Anadina. Anasiya.

Chule anadumpha! Anadumpha pamwamba pa supuni. Anagwera m'kapu ya atate. Phava!

Tiyi anawaza atate pamphuno.

Atate anayang'ana m'kapu. Anayang'ana Olipa. Milomo yawo inayamba kunjenjemera. Kenaka anaseka. Anaseka mokweza. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Chule uyu akonda shuga!" anatero atate.

Amayi anaseka ndi misozi m'maso. Levy anagubuduka pa mphasa.

Atate anavuula chuleyo ndi supuni. Anali atanyowa yense.

"Uyu wamila," anatero atate. "Olipa, mwana wanga, tiphunzitse. Tipange ena."

Onse anakhala pansi. Aliyense anatenga pepala. Olipa anakhala pakati. Zala zake ziwiri zinali zowongokabe. Koma zinazo zinkayenda bwino pa pepala.

"Amayi, mwapinda molakwika," anatero Olipa. "Onani ine."

"Pepani, ba Ticha," anatero amayi.

Achule anayi anaima pamzere. Wa Olipa anadumpha patali. Wa Levy anadumpha chammbali. Wa amayi anadumpha pang'ono. Wa atate anangogwa chagada.

"Atate, wanu ni waulesi!" anakuwa Levy.

"Wayenda ku Chanyanya na njinga," anatero atate. "Walema."

Olipa anatola chule wake. Anamuika m'chikwama cha sukulu.

"Mailo niyenda ku sukulu," anatero.

"Nanga Titus akaseka?" anafunsa amayi.

"Aseke," anatero Olipa. "Iye sadziwa kupanga chule."

Levy anadumphadumpha.

"Ine nizakupelekeza mpaka pa njanji!" anatero.

Anagwira dzanja la Olipa, lija la kumanzere. Analigwira zolimba. Sanalisiye.