Timitanda Titatu pa Chiuno cha Tionge

Anakumana pa siteji ya basi pa Chitipa Boma. Tionge, mphunzitsi wa ku Lufita, ankalimbana ndi thumba la khofi wa ku Misuku, ndipo Safeli, wogulitsa zitenje, analisenza osapemphedwa.

"Monire, duwa langa. Manja okongolawa si onyamulira katundu."

Pakamwa pa Safeli panali uchi, ndipo mwatsoka Tionge ankakonda zotsekemera. Chaka chisanathe anali atatomerana.

Kenako kunabwera matenda: khansa ya khomo la chiberekero. Ku Lilongwe dokotala anati awotcha chotupacho ndi kuwala kwa makina kwa masabata asanu, ndipo ambiri amachira akayamba msanga. Koma kubereka ndiye aiwale. Tionge analembera Safeli akulira. Yankho silinachedwe: "Chitemwa chane, wokondedwa wanga, ndikufuna iwe, osati ana."

Tionge asanabwerere ku Chitipa kudzatenga zovala, kuchipatalako anamulemba timitanda titatu ta inki, tiwiri m'chiuno, kamodzi pansi pa mchombo. "Makina amalondola timeneti," anatero namwino. "Musatifufute. Muyamba Lolemba."

Masana a Lachisanu, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya Safeli, Tionge anamuonetsa bwenzi lakelo timitandato.

"Mphinizi wakutema ndani?" anafunsa Safeli.

"Si mphini, wokondedwa. Ndi za kuchipatala."

"Chipatala chanji cholemba mkazi wa mwini pamenepo? Anakuvula ndi mwamuna, eti?"

Mbama inalira. Anamugwetsera pa mabelo a zitenje, bondo pachifuwa, natola waya wotsukira mapoto. Anakhula. Inki inachoka, khungu linatsatira.

"Safeli, ukundipha! Timeneti ndi moyo wanga!"

Mayi Janet a shopu yoyandikana anathyola chitseko ndi mpini, namusasantha nawo Safeli pamsana. Safeli anathawa, foni yake itagwa pansi. Pomwepo uthenga unalowa, wochokera kwa mkazi wina dzina lake Dorothy: "Chifukwa chomusiyira wosaberekayo wachipeza? Mwana wako akugunda m'mimba muno."

Tionge anawerenga kawiri. Ndiye kuti sinali nsanje n'komwe? Munthuyu ankadziwa bwino kuti si mphini. Zimenezi zinamupweteka kuposa wayayo.

"Dzuka, mwana wanga," anatero Mayi Janet, akumupukuta magazi. "Kupolisi tidutsa, koma basi ya mawa usaiphonye."

Lolemba lija sanayambe. Khungu la zilonda saliwotcha. Anadikira masabata atatu, akudziwa kuti chotupa sichidikira munthu, ndipo mantha anamudya tsiku ndi tsiku. Zilonda zitapola anamuyezanso, namwino nalemba timitanda tatsopano pambali pa zipsera.

Akuvala chovala cha odwala, foni yake inalira. Nambala inali yachilendo, koma mawu ake ankawadziwa: "Duwa langa, anali Satana. Ndikhululukire."

Tionge anaithimitsa, naipereka kwa namwino. Anagona chagada pansi pa makinawo, misozi ikutsikira m'makutu.

"Musagwedezeke," anatero namwino.

Tionge sanagwedezeke.