Ng'ombe Yonyambita Msewu

Zali anali ndi kagalimoto ka rimoti. Kanali kachikasu. Kanali kakang'ono ngati bokosi la nsapato.

Zali ankakakonda kagalimoto kake. Koma ankafunanso kanthu kena. Ankafuna kaphiri kakekake kodumphira.

Kuseri kwa munda wa nzimbe kunali kamsewu ka dothi. Kanali kamsewu kothamangitsira timagalimoto. Kanali kokhotakhota. Kanali ndi timapiri todumphira. Bambo ake a Zali, a Vella, ndiwo ankakasamalira.

Loweruka linali tsiku la mpikisano.

"Adadi," anatero Zali, "ndiumbeko kaphiri kanga?"

Bambo ake anavula chipewa. Anakanda m'mutu. Anaganiza kaye.

"Umba, mwana wanga," anatero. "Malo ndi awa, pa kona yomaliza. Koma kalimbe. Kakagumuka, tikasalaza."

"Kalimba," anatero Zali.

Zali anatenga fosholo. Anatenga wilibala. Anatuta dothi lofiira.

Anatuta, anakhuthula. Anatuta, anakhuthula.

Kenako anakwera pamwamba. Anapondaponda ndi nsapato zake. Di! Di! Di!

Mchimwene wake Darcy anabwera. Anayang'ana kaphiri kaja. Anaseka.

"Kachulu aka ndi ka ndani? Ka nyerere?"

"Ndi kanga," anatero Zali.

"Nanga udzadumpha bwanji, iwe kamba? Kagalimoto kako kamachita kukwawa."

"Ndisiyeni, achimwene."

Koma Darcy sankanama. Zali ankayendetsa pang'onopang'ono. Ankaopa kugubuduza kagalimoto kake.

Lachisanu kunatentha kwambiri. Mvula inali itasowa kalekale. Dothi linauma. Mphepo inaulutsa fumbi.

Zali anagwira kaphiri kake. M'mbali munagumuka. Dothi linayoyoka m'manja mwake.

"Adadi! Kakugumuka!"

Bambo ake anabwera. Anagwada. Anafinya dothi m'manja.

"Lauma kwambiri," anatero. "Madzi okha sangathandize. Dikira."

Anapita ku galimoto yawo. Anabwera ndi chidebe. M'chidebemo munali manyuchi a nzimbe, ochokera ku fakitale ya shuga. Anali akuda bii. Anali onanda. Ankanunkhira kutsekemera.

"Tidya?" anafunsa Darcy.

"Iwe umangoganiza za m'mimba," anatero bambo awo. "Awa ndi a msewu. Amamata dothi."

Anathira manyuchi m'madzi. Anatakasa ndi mtengo. Anadzaza makeni othirira.

Zali anathirira kaphiri kake. Darcy anathirira makona. Bambo awo anakunkhuniza mgolo wolemera. Mgolowo unatsendera dothi.

Anathirira, anatsendera. Anathirira, anatsendera.

Manyuchi anatha. Zali anakombeza chidebe ndi nsanza. Nsanzayo inada bii. Anaiponya kumbuyo kwa galimoto.

Pofika madzulo kamsewu kanalimba. Kankanyezimira. Kaphiri ka Zali nakonso kanalimba gwa.

Zali anakasisita. "Ugone bwino," anatero. "Mawa tionana."

Loweruka kunacha bwino. Onse anakwera galimoto. Amayi awo ananyamula masoseji ndi buledi.

Anadutsa munda wa nzimbe. Anadikira kasitima konyamula nzimbe kuti kadutse. Kenako anafika.

Darcy anatsika kukatsegula geti. Anaima chilili.

"Adadi," anatero, "geti ndi lotsegula kale."

Pakati pa kamsewu panaima ng'ombe.

Anali Mabel. Mabel anali ng'ombe ya Mayi Doolan, a pa famu yoyandikana nayo. Anali wamkulu. Anali wotuwa. Anali ndi linunda ndi makutu olendewera. Mabel ankadziwa kutsegula geti ndi mphuno.

Mabel anali ataweramitsa mutu. Lilime lake linali panja.

Nyambi! Nyambi! Nyambi!

"Mayo ine!" anatero amayi. "Akudya msewu!"

"Manyuchi aja," anatero bambo, atagwira m'mutu. "Mayi Doolan amamupatsa manyuchi kukauma. Fungo lake amalidziwa."

Mabel ananyambita. Anasuntha phazi. Chiboda chinalowa m'dothi. Panatsala dzenje.

Ananyambita. Anasuntha phazi. Panatsala dzenje lina.

Kumbuyo kwa Mabel kunali maenje okhaokha. Kutsogolo kwa Mabel kunali kaphiri ka Zali.

Zali anayang'ana kaphiri kake.

Bambo anakupiza chipewa. "Tiye! Tiye uko, mayi iwe!"

Mabel anagwedeza khutu. Nyambi! Nyambi!

Bambo anakankha kumbuyo. Darcy anakankha nawo. Anakankha mpaka thukuta kamukamu.

Mabel anawakwapula ndi mchira. Nyambi! Nyambi!

Amayi anaimbira foni Mayi Doolan.

"Ali ku tauni," anatero amayi. "Akuti abwera masana. Akuti pepani."

"Ndilize hutala?" anafunsa Darcy.

"Ayi!" anatero bambo. "Akadzidzimuka athamanga. Apondaponda msewu wonse."

Mabel anasuntha phazi lina. Kaphiri kanali pafupi. Kanali pafupi zedi.

Zali sanafuule. Sanakankhe. Anakhala chonjuta. Anamuyang'anitsitsa Mabel.

Mabel sankaona chipewa. Sankaona anthu. Maso ake anali pansi. Mphuno yake inali pansi.

Zali anathamangira ku galimoto. Anapeza nsanza ija. Inali yomata. Inkanunkhira kwambiri.

"Adadi," anatero Zali, "manyuchi a pa msewu ndi osungunula. A pa nsanza ndi enieni."

"Usamuyandikire, mwana wanga. Angakuponde."

"Sindimuyandikira ine. Kagalimoto ndi kamene kapite."

Bambo anayang'ana Zali. Anayang'ana nsanza. Anayang'ana Mabel. Kenako anamasula chingwe cha nsapato yawo.

"Ndipatse ine," anatero Darcy. "Kanga ndi kaliwiro."

Darcy anamanga nsanza ndi chingwecho kumbuyo kwa kagalimoto kake kofiira. Anakanikiza rimoti.

Vuuu!

Kagalimoto kanadutsa ngati mphepo. Kanafika ku geti. Mabel sanakaone n'komwe.

Nyambi! Nyambi!

Darcy anayesanso. Vuuu! Kanadutsa. Vuuu! Kanabwerera.

Mabel anafwenkha mphuno. Anasuntha phazi. Lilime lake linafika pa kaphiri ka Zali.

"Achimwene, ndipatseni!" anatero Zali.

Darcy anamasula nsanza. Anaimanga pa kagalimoto kachikasu.

"Akakaponda, usandilirire," anatero.

Zali anagwira rimoti ndi manja awiri.

Kagalimoto kachikasu kananyamuka. Kanayenda pang'onopang'ono. Kanadutsa pafupi ndi chiboda. Chibodacho chinali chachikulu ngati kagalimoto komweko.

Kanafika pansi pa mphuno ya Mabel. Kanaima.

Mabel anasiya kunyambita. Ananunkhiza. Fwii! Fwii!

Anatulutsa lilime.

Zali anasuntha kagalimoto pang'ono.

Mabel anatambasula khosi. Anatulutsa lilime.

Zali anasunthanso pang'ono.

Mabel anatembenuka. Anasiya kaphiri. Anatsata nsanza.

"Pang'onopang'ono, mwana wanga," ananong'ona bambo.

"Shii, adadi. Mundisokoneza."

Kagalimoto patsogolo. Nsanza pakati. Mabel pambuyo.

Anatuluka mu kamsewu. Analowa mu udzu.

Kagalimoto patsogolo. Nsanza pakati. Mabel pambuyo.

Mu udzu munali mwala. Tayala linakodwa. Kagalimoto kanaima.

Lilime la Mabel linatera pa denga lake. Nyambi! Kagalimoto kanapendekeka.

"Ayi, Mabel!" anatero amayi. "Si chakudya chimenecho!"

Zali anabweza kagalimoto m'mbuyo pang'ono. Anakhotetsa. Analambalala mwala uja.

Kagalimoto patsogolo. Nsanza pakati. Mabel pambuyo.

Anafika pa geti. Anatuluka.

Kagalimoto kanakhota msanga. Kanabwerera kudzera pansi pa waya wa mpanda. Darcy anakankha geti. Gwa! Analimanga ndi chingwe chachikulu.

Mabel anatsala kunja. Anayang'ana uku. Anayang'ana uku. "Mooo," anatero.

Bambo anakhala pansi pa udzu. Anapuma mpweya wautali. Amayi anaseka mpaka misozi. Zali anaika rimoti pansi.

"Wapita," anatero Zali.

"Wapita, mwana wanga," anatero bambo.

Kenako Zali anadzambatuka. Anathamangira ku kona yomaliza.

Kaphiri kanali pompo. Kutsogolo kwake kunali konyowa. Mabel anali atakanyambita. Kanasalala see! M'munsi mwake munali dzenje limodzi lokha.

Bambo anabwera, nsapato imodzi ili khwepe khwepe. Anaponda pamwamba pa kaphiri. Anapondanso mwamphamvu.

Zali anayang'anitsitsa.

Kaphiri sikanagumuke.

"Kalimba," anatero bambo. "Sitikasalaza."

Mtima wa Zali unakhala pansi. Anamwetulira.

Koma maenje anali ambiri. Magalimoto a anthu anayamba kufika. Anthu anatsika. Anaona maenje.

"A Vella, kodi mwabzala chiyani pa msewu?" anafunsa bambo wina.

"Ng'ombe," anayankha a Vella. "Tengani fosholo, achimwene."

Aliyense anagwira ntchito. Ena anatuta dothi. Ena anakwirira maenje. Ena anathirira madzi. Ana anapondaponda. Di! Di! Di!

Zali anakwirira dzenje la pa kaphiri kake. Analikwirira yekha.

Anakwirira, anatsendera. Anakwirira, anatsendera.

Kamsewu kanasalala.

Mpikisano unayamba. Ana anakwera pa nsanja yoyendetsera. Zali anaima pafupi ndi Darcy.

Timagalimoto tinanyamuka. Vuuu! Kofiira patsogolo. Kabuluu pambuyo pake. Kachikasu kumapeto.

Kachikasu kanakhota kona yoyamba. Kanakhota kona ina. Kanafika pa kona yomaliza.

Kaphiri kanali kutsogolo.

"Kanikiza, Zali!" anafuula Darcy. "Kanikiza kwambiri!"

Zali anakanikiza.

Kagalimoto kanakwera. Kanachoka pansi. Kanauluka!

Kanatera ndi matayala onse. Phi! Sikanagubuduke.

"Ndadumpha!" anafuula Zali. "Amayi, mwaona?"

"Ndaona, mwana wanga! Ndaona!"

Zali sanapambane. Anamaliza kumapeto. Koma anadumpha kaphiri kake ulendo uliwonse. Ndipo kaphiri sikanagumuke.

"Kamba wanga amauluka," anatero Darcy. Anamugwetsera chipewa kumaso.

Masana Mayi Doolan anafika. Anabweretsa tcheni cha pa geti.

"Pepani, anthuni," anatero. "Mabel ndi wakuba. Ndani wamutulutsa?"

Onse analoza Zali.

"Wamutulutsa ndi chiyani? Ine amandikanika ngakhale ndi ndodo."

Zali anaonetsa kagalimoto kake. Pa denga panali mate a ng'ombe. Anali atauma.

Mayi Doolan anaseka chikhakhali.

Amayi anaotcha masoseji. Anawaika mu buledi. Onse anakhala mu mthunzi, pafupi ndi mpanda. Zali anakhala pakati pa bambo ake ndi amayi ake. Kagalimoto kanali pa miyendo yake.

Kumbuyo kwawo kunamveka kanthu. Fwii! Fwii!

Mutu waukulu unasuzumira pamwamba pa waya. Lilime lalitali linatuluka. Linatera pa khosi pa bambo.

Nyambi!

Bambo analumpha. Buledi anagwa.

"Sabata yamawa," anatero bambo, akupukuta khosi, "tithira madzi okhaokha!"

"Mooo," anatero Mabel.