Nsapato Imodzi ya Labala

Bambo anga sankakonda maulendo, koma chaka chilichonse nyengo yotentha ikamatha ankandiuza kuti ndithire mafuta m'galimoto. Tinkayambira ku tauni ya Sokcho, m'mbali mwa nyanja, n'kumalowera kumpoto, gombe ndi gombe, mpaka pamene msewu umathera pafupi ndi malire a dziko lathu ndi la kumpoto. Anzathu amapita kumeneko kukasambira ndi kukajambulitsa pamiyala. Ife tinkangoima pamchenga ngati anthu odikira basi.

Bambo anathawa kuchokera kumpoto nthawi ya nkhondo ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Anthu akulimbirana mabwato pagombe, mlongo wawo wamng'ono nsapato inamuvuka. Bambo anamusiya dzanja kuti aitole. Khamu linawakankhira m'bwato, nsapato ili m'manja, mwana n'kutsala. Kansapato ka labala kameneko sikankachoka m'thumba la jekete lawo.

Mwanayo anali Jomsun. Inenso ndine Jomsun. Kwathu mwana sapatsidwa dzina la azakhali ake, ndipo achibale anakalipa, koma bambo sanamve za munthu. Ndinakula ndikudziwa kuti akandiitana, maso awo ankafuna wina. Zinkandiwawa, sindibisa.

Chaka chimene ndikunenachi mutu wawo unali utayamba kusokonekera. Mlongo wanga anandiletsa kuwatenga. Ndinawatengabe. Ndinkafuna kuti asanandiiwale, aitane dzinali kamodzi kokha akunena ine.

Tinafikira m'nyumba ya alendo ya Mayi Tak, moyang'anana ndi gombe lomaliza. Dzuwa litapendeka, asilikali anatulutsa anthu osambira, n'kukhoma geti la mpanda wa waya. Kenaka, monga mwa masiku onse, anasalaza mchenga wonse ndi reki kuti wina akadutsa usiku mapazi ake adzaoneke m'mawa.

"Agogo, msuzi wangawu wakulakwirani chiyani?" anatero Mayi Tak. "Nsombazo ndaumitsa ndekha."

"Akubwera," bambo anayankha, maso ali pawindo. "Akuchedwa chifukwa akutsimphina."

"Amene amabwera kuno ndi udzudzu basi. Idyani, musandichititse manyazi."

Tinaseka. Kutangoda, ndikuyala zogonera pansi, ndinamva kaphokoso kuchokera kugombe. Phwa. Kenaka zii. Phwa. Kenaka zii. Ngati munthu amene phazi limodzi lavala, lina silinavale. Ndinati ndi mafunde. Ndinakhoma chitseko, kiyi n'kumuika pansi pa pilo, ndipo ndinagona nditagwira mkono wa malaya a bambo.

Ndinadzuka kukuyera. M'manja mwanga munalibe kanthu. Kiyi anali pomwe ndinamuika, chitseko chili chokhoma.

Ndinathamanga osavala nsapato. Pageti ndinapeza sajeni wina wa imvi m'mbali, akulimbana ndi loko.

"Mayi, madalawo ndi anu?"

Bambo anali mkati mwa mpanda, atakhala pakati pa gombe, miyendo atatambasula. Waya sanadulidwe paliponse. Kuchokera pageti kukafika pamene anakhalapo, timizere ta reki tinali bwinobwino, popanda phazi ngakhale limodzi.

Sajeni anangoloza kumpoto.

Mapazi analipo, ang'onoang'ono, ochokera kumalire motsata madzi. Lamanja linali la nsapato. Lamanzere linali ndi tizala tisanu. Anadzathera pamaondo a bambo. Pambali pake panali ena obwerera kumpoto, ndipo amenewo onse awiri anali a nsapato. Pafupi nawo, moyandikana ngati anthu ogwirana manja, panali mapazi ena okulirapo, a msinkhu wa zaka khumi ndi zinayi.

Ndinapisa m'thumba la jekete lawo. Munalibe kanthu.

"Bambo, tiyeni, mwazizidwa."

Anandiyang'ana mwaulemu, nkhope ili mbee, yopepuka kuposa mmene ndinaionerapo chibadwire.

"Pepani mayi, ndinu ndani kodi?"

"Ndine Jomsun, bambo."

"Ayi," anamwetulira. "Jomsun ndamuveka nsapato. Tapita kale."

Sajeni anavula chipewa n'kupukuta thukuta, ngakhale kunkazizira. "Izi ndikazilemba, andikhulupirira ndani?" Anatenga reki yekha, n'kuyamba kufufuta kuyambira pamene tinaimapo.

Mayi Tak anatipatsa madzi otentha osafunsa funso. Pokweza katundu m'galimoto anandinong'oneza kuti bambo si oyamba. Akuti okalamba ochokera kumpoto akafika pagombe limenelo, ena amabwerera kwawo thupi n'kulisiya kuno.

Bambo anakhala nafe zaka zina ziwiri. Ankadya bwino, ankagona bwino, ndipo ndikawasambitsa ankandithokoza ngati mlendo wachifundo. Za kumpoto sanazitchulenso. Dzina lija sanaliitanenso.

Ine ndimapitabe chaka chilichonse, gombe ndi gombe, mpaka kwa Mayi Tak. Ndimagona windo lili lotsegula. Dzinali tsopano ndi langa ndekha, koma ndingasangalale kulimvanso m'mawu awo, ngakhale akuitana winayo.