Amene Ankaponda Pampu ya a Pitala

Madzulo aliwonse a Pitala ndi akazi awo, a Felesiya, ankathirira kachewere kudimba kwawo kumunsi kwa Mitundu. Mayi ankaponda pampu, bambo n'kumalondolera madzi m'mizere. Chaka chimenecho anagulitsa mbuzi zonse kuti agule feteleza wa yureya, ndipo anathira mosamala, kachitsekero ka botolo pa phando lililonse.

Sabata isanathe, masamba anayamba chikasu. M'mawa uliwonse ankapeza mizere itamira, chonsecho dzulo lake anathirira pang'ono chabe. Madziwo ankatsetserekera kudimba la a Mathews, mlamu wa a Pitala wa ku Nathenje. Kumeneko kachewere anali biriwiri, mwini wake osagulapo feteleza ngakhale wa m'mbale.

Mlangizi anabwera pa njinga yamoto, osatsika n'komwe. "Mukuthirira mopitirira, agogo. Madzi akukokolola feteleza." Ophunzirawa ndi otero. Amakuuza zimene waona kale, osafunsa kuti wathirirayo ndani.

Anthu olawirira kumsika anayamba kunong'ona kuti pampuyo imalira yokha mbandakucha, kwee, kwee, kudimba kopanda munthu, ndipo ukamadutsa pamamveka fungo la thukuta. A Pitala anaizula n'kukaitsekera m'nyumba. Kutacha anaipeza ikudontha madzi, mizere itamiranso.

"Bambo a Thoko, taonani mapazi angawa," a Felesiya anauza amuna awo ali pamphasa. Anali matope okhaokha, akuda a kudambo.

"Munatuluka?"

"Ayi. Koma ntchafu zikuwawa ngati ndaponda pampu osapuma."

"Musauze munthu."

Kuchipatala sanapeze matenda. A mpingo anabwera, anaimba, anapita. A Pitala anafika powamanga akazi awo mwendo ndi chingwe, mbali ina n'kudzimanga okha padzanja. Chingwe sichinamasuke, koma matope anabwerabe. Mayi anaonda mpaka nthiti kuwerengeka. Akangotseka maso, miyendo inkayamba kukwera n'kutsika, ndipo amuna awo ankaigwira ndi manja awiri, osaimitsa.

Mayiwo anamwalira sabata yokumba. Kachewere wa a Pitala anatuluka ting'onoting'ono, towola, tonunkha. Wa a Mathews anadzaza lole.

Kumanda, anthu atatha kukwirira, a Mathews anadzakhala pafupi ndi a Pitala n'kuwagwira pabondo.

"Pepani, alamu. Anali olimbikira ntchito, mlongo wangayu." Anafinya bondolo. "Ine chaka chamawa ndikukuza dimba. Komatu inu miyendo ikadali yolimba."