A Bonifasiyo pa Chithunzi cha Obwerera

Ine za mizimu sindizitsata. Mundifunse za nsalu za kapulana, ndikuuzani yabwino ndi yosuluka. Koma izi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo mlamu wanga Regina analipo. Mukafika ku Mandimba mukamufunse, amagulitsa matimati pokwerera chapa, minibasi zathu zija. Akakuuzani zosiyana ndi zanga, ndipo vuto lake ndi lomwelo.

Inali nthawi yokolola. Tinaperekeza apongozi anga, mayi Elizabeti, amake Regina, kukapimitsa maso ku Cuamba. Tinatuluka m'chipatala dzuwa litapendeka. Nyengo imeneyo Cuamba amakoma. Mwera unali utayamba, udzu utafiira, masamba ouma akukwawa mumsewu, malole a thonje akudutsa mwaulesi. Tinapitirira tchalitchi chachikulu mpaka kufika ku siteshoni ya sitima. Pansi pa mitengo ya kesha, ana a sukulu anali ataimika matabwa ndi kumatapo zithunzi zakale za mzindawo, zokutidwa ndi pulasitiki: sitima ya malasha, azungu a zipewa, msika wa thonje.

Tonse a maso awiri tinkangodutsa. Anaima ndi mayi, amene adokotala anali atangowauza kuti diso lina lachita ng'ala.

Chithunzicho chinali cha anthu obwerera kwawo nkhondo itatha, akutsika pa siteshoni ndi mitolo pamutu. Chakumphepete kunali bambo wamtali, wovala jekete lomukulira, mphasa yopinda ili kukhwapa.

"Awa ndi a Bonifasiyo," anatero mayi, motsitsa mawu.

A Bonifasiyo anali amuna awo oyamba, bambo ake a Regina ndi amuna anga. Nkhondo ili mkati, banja litathawira ku Malawi, iwo anabwerera kumudzi ku Ngauma kukakumba chinangwa chimene anasiya m'munda. Sanaonekenso. Patapita zaka, akuluakulu anadula thunthu la nthochi, analikulunga nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwa thupi. Maliro analiridwa, mayi anametedwa, kenaka anakwatiwa ndi a Faustino, amene ali nawo mpaka lero.

"Amayi, diso lanu lija," anatero Regina.

"Diso langa silinaiwale khutu lodukalo. Inawaluma nkhumba."

Ndinasuzumira. Khutu la kumanzere linalidi loperewera. Komatu chithunzicho chinajambulidwa thunthu lija litaola kale m'manda. Ngati anali iwo, ndiye kuti mayi analira maliro a munthu wamoyo, n'kukwatiwa mwamuna wawo akuwafunafuna.

Kwathu munthu amene munamulira akatulukira, simumugwira chanza. Mumayamba mwamuwaza dothi. Akakhala wamoyo amaima pomwepo, akakhala mzimu amazimirira. Koma ndani anawazapo dothi chithunzi? Ndisanawagwire mkono, mayi anali atawerama kale.

Anatapa dothi lodzaza dzanja. Anawaza.

Mphepo inaleka. Masamba anaima pamene anali. Wailesi ya wokonza njinga tsidya la msewu inangoti zii. Ndinamva fungo la nthochi yongodulidwa kumene, la utomoni ndi dothi lonyowa. Mvula inali itasiya kalekale.

Dothi linatsetsereka pa pulasitiki, pang'onopang'ono.

"Achoka," ananong'ona Regina. "Mayi, palibe munthu. Pangotsala khoma la siteshoni."

Ndinamuyang'ana ngati wapenga. Bamboyo anali pomwepo, jekete lake, mphasa yake.

"Alipo," ndinatero. "Si awa?"

Ndinaika chala. Pulasitikiyo inali yofunda ngati khungu, pamene mphepo yonse inali yozizira. Ndinachotsa chala msanga.

"Ukuloza khoma, mlamu."

Tonse tinatembenukira kwa mayi.

"Andifulatira," anatero. "Akuyang'ana kunjanji."

Ndinaitana mayi wina wogulitsa mtedza pafupi, wa mtundu wa Amakuwa, kuti atiweruze. Anabwera akupukuta manja, anayang'ana pamene ndinaloza, n'kubwerera pa lichero lake. Nditamukakamiza anangoti, "Ine ndimagulitsa mtedza, mama." Kenaka anasenza lichero, kusiya makasitomala ali chiimire.

Wailesi ija inayambanso kuimba, pakati pa nyimbo.

Tinakwera chapa kubwerera kwathu. Ine mantha anali atandigwira, koma chondisautsa kwambiri chinali chisoni, kuona mayi wachikulire atakhala ngati mwana wosokera pamsika. Titayandikira Mandimba anandigwira bondo.

"Iwe wati ali moyo. Mwana wanga wati anafa. Nanga ondifulatirawo akuti chiyani?"

Ndinangoika dzanja langa pa lawo.

Tinawafikitsa pakhomo kusanade. A Faustino anali pakhonde akusoka thumba la chimanga. Anadzuka mokondwa, n'kuwakokera mpando.

"Mwayendako bwanji, amayi? Maso akuti bwanji?"

Mayi sanakhale. Sanalowenso m'nyumbamo. Anaima pabwalo, kachikwama ka mankhwala kali m'manja, akuyang'ana mwamuna amene wawasunga zaka zonsezi, wolima nawo, wowaperekeza ku maliro a abale awo.

Kenaka anatembenukira kwa ife awiri.

"Tandiuzani, ana inu," anatero. "Ine ndine mkazi wa yani?"