Galimoto Yakana Kulira

Sungeni anali mtsikana wa ku Kaphuka. Anali mu Sitandade 3. Amayi ake anali oyembekezera. Masiku amenewo amayi ankatopa msanga. Sungeni ankada nkhawa. Ankafuna amayi ake akhale bwino.

M'mawa wina kunazizira kwambiri. Unali mwezi wa Juni. Chifunga chinaphimba mapiri onse. Sungeni anatenga makope ake. Ankafuna kupita kusukulu. Koma anamva amayi akubuula m'nyumba.

Azakhali ake, a Clotilda, anatuluka mothamanga.

"Achimwene!" anaitana azakhali. "Nthawi yakwana. Zinthu sizili bwino. Lizani galimoto, tipite kuchipatala."

Abambo a Sungeni anali a Zefaniya. Ankayendetsa galimoto ya kalabu ya alimi. Inali pikapu yoyera. Inkanyamula mbatata ya kachewere. Inali yatsopano ndithu. Mipando yake inali idakali m'mapulasitiki. Inali isanavutepo.

Galimotoyo inkagona m'chisakasa, kuseri kwa nyumba. Abambo anathamangira komweko. Sungeni anawatsatira.

Abambo analowetsa kiyi. Anapotokola.

Tche!

Galimoto sinalire.

Anapotokolanso.

Tche! Tche!

Galimoto sinalire.

"Ababa, yatani?" anafunsa Sungeni.

"Sindikudziwa, mwanawe," anayankha abambo. "Mafuta alimo. Ndinathira dzulo."

Abambo anadina hutala. Hutala inalira motsitsa kwambiri. Inalira ngati kambuzi kodwala. Kenaka inangoti zii.

"Mwina ndi batire," anatero abambo.

"Batire la galimoto yatsopano?" anafunsa Sungeni.

Abambo anatsika m'galimoto. Anatsegula boneti.

"Sungeni, kanditengere sipanala."

Sungeni anathamanga. Anabwera nayo sipanala. Abambo anamasula mawaya a pabatire. Anapala mitu ya batire ndi kampeni. Anaipukuta ndi kansanza. Anamanganso mawaya zolimba. Anasuzumira m'batire. Madzi analimo.

Abambo analowanso m'galimoto. Anapotokola kiyi.

Tche!

Galimoto sinalire.

M'nyumba amayi anabuulanso. Sungeni anaphimba makutu ndi manja.

"Sungeni, ima kutsogoloko," anatero abambo. "Ndiyatsa magetsi. Undiuze ngati akuyaka."

Sungeni anaima kutsogolo. Anadikira. Magetsi sanayake.

"Ababa, mwayatsa?"

Abambo anatuluka pang'onopang'ono. Nkhope yawo inali yakugwa.

"Anali oyatsa kale," anatero abambo. "Dzulo masana kunali chifunga. Ndinayatsa timagetsi ting'onoting'ono. Ndinaiwala kuzimitsa. Tayaka mpaka batire latha."

Abambo anakhala pansi. Anagwira mutu ndi manja awiri.

"Ndalakwitsa ndine," anatero. "Ndine ndemwe."

Sungeni anali asanawaonepo abambo ake chonchi. Anachita mantha kwambiri.

Pafupi pawo pankakhala a Bonifasi. Anali achikulire. Anamva phokoso ndipo anabwera.

"Kwagwanji, a Zefaniya?"

"Batire latha," anayankha abambo. "Ndipo amake Sungeni adwala."

"Ine ndili nalo batire," anatero a Bonifasi. "Ndimalizira wailesi yanga. Tiyeni tiyese."

Sungeni anapita ndi a Bonifasi. Anaika batire pa wilibala. Linali lolemera. Linali lakale. Sungeni anathandiza kukankha.

Abambo analumikiza mawaya. Analowa m'galimoto. Sungeni anapemphera chamumtima.

Rrr... rrr... rr...

"Ikufuna kulira!" anakuwa Sungeni.

Rr... r... Tche!

Galimoto sinalire.

A Bonifasi anapukusa mutu. "Pepani," anatero. "Langali nalo latopa. Ndimati ndikatchajitse ku Dedza Loweruka."

Azakhali anatulukanso. Anali thukuta lokhalokha.

"Achimwene, mukuchedwa! Alamu afooka kwambiri."

"Bwanji panjinga?" anafunsa a Bonifasi.

"Sangathe kukhala panjinga," anayankha azakhali.

"Nanga ngolo?"

"Ngolo yapita kumsika mbandakucha," anatero abambo.

Panalibe ngolo. Panalibe galimoto ina. Chipatala cha mishoni chinali kutali.

"Tiikankhe," anatero a Bonifasi. "Ikathamanga pamtsetse, ilira."

Koma nyumba ya Sungeni inali m'chigwa. Msewu unkayamba ndi chitunda. Mtsetse unali kuseri kwa chitundacho. Ndipo m'mudzi munalibe anthu. Ena anali kumsika. Ena anali kumadimba akutali, kukumba mbatata.

Abambo anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi. Anakankha ndi phewa. A Bonifasi anakankha kumbuyo. Sungeni naye anakankha.

Galimoto inatuluka m'chisakasa. Inafika pamsewu. Inayamba kukwera. Inakwera pang'ono. Kenaka inaima. Kenaka inayamba kubwerera.

"Chokani kumbuyoko!" anakuwa abambo.

A Bonifasi anamukoka Sungeni. Sungeni anagwa. Bondo lake linasupuka. Abambo anadumphira m'kati. Anaponda mabuleki. Galimoto inaima m'munsi mwa chitunda.

A Bonifasi ankapuma mwawefuwefu. "Sitingathe," anatero. "Tachepa."

Sungeni anathamangira kunyumba. Anafuna kuona amayi ake. Azakhali anamutsekereza pakhomo.

"Ana salowa muno."

"Amayi!" anaitana Sungeni. "Amayi!"

Amayi anayankha motsitsa. Mawu awo ankamveka movutikira.

"Usalire, Sungeni. Pita kusukulu, mwana wanga."

Sungeni anakhala pakhonde. Misozi inatsika. Bondo linkawawa. Chisanu chinkaluma. Sankafuna kupita kusukulu. Sankafuna kusiya amayi ake.

Ali pomwepo, anamva belu.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Linali belu la kusukulu. Sungeni anadzutsa mutu. Chaka chimenecho sukulu inali yaulere. Ana anali ambirimbiri. M'makalasi sankakwanamo. Ena ankaphunzira pansi pa mitengo. Ena anali aakulu ngati abambo.

Sungeni anaimirira.

"Ababa, ndikubwera!"

"Ukupita kuti?" anafunsa abambo.

"Kukatenga manja!"

Sungeni anathamanga. Anadutsa m'munda wa chimanga chouma. Anadumpha kamtsinje. Anakwera chitunda. Chifunga chinali chambiri. Sankaona patali. Anapunthwa pamwala. Anadzuka. Anathamangabe.

Kusukulu ana anali pamzere. Aphunzitsi aakulu, a Ephraim, ankalankhula. Sungeni ankawaopa a Ephraim. Ana onse ankawaopa. Koma Sungeni sanapite pamzere. Anapita kutsogolo. Anagwada.

"Wachedwa, Sungeni," anatero a Ephraim. "Makope ako ali kuti?"

Sungeni anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke. Ana ena anayamba kuseka.

A Ephraim anaona bondo lake. Anaona misozi yake. Anawerama.

"Lankhula, mwanawe. Ndikumva."

"Aphunzitsi, amayi adwala kwambiri. Galimoto yakana kulira. Batire latha. Tikufuna kuikankha, koma tachepa."

Ana anasiya kuseka.

A Ephraim anavula jekete lawo.

"Sitandade 7 ndi Sitandade 8, nditsateni," anatero. "Ang'onoang'ono, khalani ndi aphunzitsi anu. Sungeni, tsogola."

Sungeni anatsogola. Anyamata ndi atsikana anamutsatira. Anatsika chitunda mothamanga.

Abambo anali akadali pa galimoto. Anamva mapazi ambiri. Anacheuka. Anaona Sungeni akutuluka m'chifunga. Kumbuyo kwake kunali ana. Kumbuyo kwa anawo kunali ana enanso.



"A Zefaniya, musachedwe," anatero a Ephraim. "Katengeni odwala."

Abambo ndi azakhali anatuluka ndi amayi. Anawafunditsa bulangeti. Amayi sankatha kuyenda okha. Maso awo anali otseka. Anawakhazika kutsogolo. Azakhali anakhala pambali pawo. Anawagwira mutu.

"Ababa, nanenso ndipite," anatero Sungeni.

"Iyayi, mwanawe. Utsale ndi a Bonifasi."

Ana anagwira galimoto. Ena kumbuyo. Ena m'mbali. Panali mnyamata wamkulu dzina lake Mandla. Anali ndi ndevu kale. Mandla anayambitsa.

"Kankha!"

"Tiye!" anayankha ana.

"Kankha!"

"Tiye!"

Galimoto inasuntha. Inayamba kukwera. A Bonifasi ankatsatira atanyamula mwala. Ana akatopa, a Bonifasi ankaika mwalawo kuseri kwa tayala. Ana ankapuma. Kenaka ankayambanso.

"Kankha!"

"Tiye!"

Nsapato za a Ephraim zinadzaza dothi. Mtsikana wina anaterereka. Anzake anamudzutsa. Sungeni anakankha pakati pa akuluakulu. Manja ake ankawawa. Sanasiye.

Pomaliza anafika pamwamba.

Kutsogolo kunali kamtsetse kakafupi. Ana anakankha. Galimoto inathamanga. Abambo anachotsa phazi pa kilatchi.

Gudu! Gudu! Gudu!

Galimoto inadumphadumpha. Inatsokomola. Kenaka inaima.

Galimoto sinalire.

Ana anangoima. Palibe anaseka. Sungeni anasuzumira pawindo. Azakhali ankapemphera. Amayi sankabuulanso. Anali chete.

"Amayi?" anaitana Sungeni.

Amayi sanayankhe.

Sungeni anatembenukira kwa abambo.

"Ababa, amayi sakuyankha."

Abambo anagwetsa mutu pachiwongolero. "Watsala mtsetse umodzi," anatero. "Ndi uwo wotsikira kumlatho. Ikakana pamenepo, basi. Kutsidyako ndi phiri."

"Munaika giya yanji?" anafunsa a Ephraim.

Abambo anayang'ana. "Yoyamba," anatero. "Mutu wanga wabalalika. Imafunika yachiwiri."

Abambo anaika giya yachiwiri. Anapukuta maso ndi mkono.

Ana anali atatopa. Ena anakhala pansi. Mandla naye ankapuma movutikira. Sungeni anapita kumbuyo kwa galimoto yekha. Anaika manja ake pachitsulo chozizira.

"Kankha!" anakuwa Sungeni.

Mawu ake anali aang'ono. Anali osasa.

"Kankha!" anakuwanso.

"Tiye!" anayankha Mandla.

Ana onse anadzuka. Anakankha. Anakankha. Galimoto inafika pamtsetse waukulu. Inayamba kuthamanga yokha. Inawasiya ana kumbuyo. Inalowa m'chifunga. Sinaonekenso.

Onse anatchera khutu.

Gudu! Gudu!

Zii.

Sungeni anatseka maso.

Gudu! Gudu! Vuuum!

"Yalira!" anakuwa Mandla. "Yalira!"

Ana anadumpha. Ana anavina. A Bonifasi anaponya chipewa m'mwamba. Galimoto inawoloka mlatho. Inakwera phiri. Phokoso lake linapita kutali.

Koma Sungeni sanavine. Ankaganiza za amayi. Amayi aja sanayankhe.

A Ephraim anamugwira paphewa. "Wachita bwino, Sungeni. Lero usabwere kusukulu. Kadikire kunyumba."

Sungeni anakhala pakhonde la a Bonifasi. A Bonifasi anamupatsa mbatata yootcha. Sanadye. Anamutsuka bondo ndi madzi ofunda. Sanalire. Ankangoyang'ana kumsewu.

Chifunga chinachoka. Dzuwa linatuluka. Kumsewu kunalibe kanthu.

Anthu anabwera kuchokera kumsika. Ngolo inabwera. Galimoto sinabwere.

"Agogo, amayi achira?" anafunsa Sungeni.

"Tidikire, mwanawe," anayankha a Bonifasi.

Dzuwa linapendeka. Sungeni anaona fumbi pachitunda. Inali galimoto yoyera. Munali abambo okha.

Sungeni anaimirira.

Abambo anaimitsa galimoto. Sanazimitse injini. Anatsegula chitseko.

"Sungeni, kwera. Amayi ako akukufuna."

"Ali moyo?"

"Ali moyo. Anamwino akuti tinafika nthawi yake. Tikanachedwa pang'ono, zikanavuta."

Apa ndi pamene Sungeni analira. Analira mokweza. Abambo anamunyamula. Anamukhazika kutsogolo.

Kuchipatala amayi anali pabedi. Anali ofooka. Koma maso awo anali otsegula. Azakhali anali pambali. Ananyamula kanthu m'chitenje.

"Bwera kuno, Sungeni," anatero amayi. "Azakhali ako andiuza zonse."

"Ndinakuitanani, Amayi. Simunayankhe."

"Ndinakumva, mwana wanga. Mphamvu zoyankhira ndinalibe."

Azakhali anatsegula chitenje pang'ono. Munali kamwana. Kanali ndi tsitsi lambiri. Kanali ndi timakutu ting'onoting'ono.

"Uyu ndi mlongo wako," anatero azakhali. "Khala apa. Pinda manja chonchi."

Sungeni anakhala pamphepete pa bedi. Anapinda manja. Azakhali anamuika mwana m'manja mwake. Mwanayo anali wofunda. Anayasamula. Anatsegula diso limodzi.

"Amayi, wandiona!"

"Wakuona," anatero amayi akumwetulira.

"Watopa, Sungeni," anatero abambo. "Bwera naye, ndimunyamuleko."

Sungeni anapukusa mutu. Anamugwiritsitsa mlongo wake.

"Dikirani kaye, Ababa. Sakulemera."